Ku Chambe ntchito ya zaumoyo inatsikira kumudzi, thumba linatsala kumtunda

Mu 1970 anthu a m'midzi ya patsinde pa phiri la Chambe, kuno ku Mulanje, anagwira ntchito imene pambuyo pake inatchukitsa dziko lathu mpaka kunja. Anakumba ngalande ndi makasu awo, mudzi uliwonse chigawo chake, nayalamo mapaipi otsitsa madzi kuchokera m'phiri popanda injini kapena magetsi. Boma linali litayesa kale njirayi ku Chingale, m'boma la Zomba, mu 1968, koma pa midzi yochepa. Ya ku Chambe inali yokulirapo, yokonzedwera anthu pafupifupi 30,000. Mapaipi ndi amisiri anachokera kuboma, thukuta linali la eni midzi. Mayi anga anakumba nawo, ndipo mpaka ukalamba wawo ankatha kukulozerani pamene chigawo cha mudzi wathu chinayambira ndi pamene chinathera.

Si mapaipi okha amene anasunga madziwo zaka zambiri. Panali komiti yaikulu yoyang'anira ntchito yonse, pansi pake makomiti a nthambi, ndipo mpopi uliwonse unali ndi kakomiti kake koonetsetsa kuti pampopi pakuseseredwa ndiponso ana sakuuseweretsa. Anthu ena a m'mudzi anaphunzitsidwa kulumikiza paipi ikaphulika. Pamwamba pa onsewa panali antchito a boma amene ankayendera mapaipi, kubweretsa zipangizo ndi kukonza zimene zawakanika a kumudzi. Mbali ya bomayo itayamba kufooka, zinthu zinasintha. Mu 2000 katswiri wina, Elizabeth Kleemeier, anafalitsa zimene anapeza atafufuza ntchito 12 za madzi zoterezi m'dziko muno. Pafupifupi theka la izo sizinkayenda bwino. Makomiti a kumudzi ankakwanitsa ndithu kukonza zing'onozing'ono kuti madzi asasiye kutuluka, koma zikuluzikulu, zofuna ndalama ndi luso, zinkawakulira.

Ndayamba ndi madzi chifukwa chisamaliro cha zaumoyo cha kumudzi chinakhazikitsidwa mwanjira yomweyo, ndipo chikupunthwa pa mwala womwewo. Makomiti tili nawo ambiri. Anthu odzipereka alipo. Lamulo limati mphamvu zinapita kwa anthu. Koma munthu wa ku Chambe akadwala lero, thandizo limene apeze likudalira zinthu ziwiri zimene iye alibe nazo mawu: boma limene anabadwiramo, ndi ngati ndalama yochokera ku Lilongwe yafika mwezi umenewo.

Adokotala a pakhonde

Munthu wa boma amene ali pafupi kwambiri ndi wodwala wa kumudzi ndi mlangizi wa zaumoyo, HSA, amene ife timangomuitana kuti adokotala. Ntchitoyi inachokera kwa anthu amene ankabaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenaka kwa amene analembedwa kuti alimbane ndi kolera atabuka mu 1973. Kwa zaka zingapo maphunziro ake anali a milungu 12 yokha. Cha m'ma 2007 ndi 2008, ndi ndalama za Global Fund, boma linalemba ambiri mpaka chiwerengero chawo chinapitirira 10,000. Unduna umafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma m'madera ambiri mmodzi amasenza oposa pamenepo.

Kuyambira 2008 alangizi a m'madera otalikira chipatala analoledwa kuchiza ana osakwana zaka zisanu matenda atatu amene amapha kwambiri: malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Ndinakhalapo pa kachipatala ka m'mudzi kotere m'mawa wina, mdzukulu wanga atatentha thupi usiku wonse. Malo ake anali khonde la nyumba: tebulo, benchi, ndowa ya madzi osamba m'manja, ndi bokosi la mankhwala lokhala ndi maloko awiri. Kiyi mmodzi anali ndi adokotalawo, wina anali ndi mayi wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, amene anabwera ali ndi khasu paphewa kudzatsegula asanapite kumunda. Adokotala anakweza malaya a mwana, nayang'anitsitsa pachifuwa, akuwerenga kapumidwe kwa mphindi imodzi yathunthu. Mwana wopitirira chaka akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti n'chibayo. Wosakwana chaka malire ake ndi 50. Wathu anali pansi pa malirewo. Anamubaya kachala, nadonthezera magazi pa kachipangizo koyezera malungo, tinadikira, ndipo panatuluka mizere iwiri. Mankhwala a malungo a LA oyamba anamwera pomwepo, atasungunulidwa pasupuni, otsalawo kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Asanatilole kupita anamukulunga kalamba pamkono, kaja ka mitundu itatu, kuona ngati akunyentchera, nalemba zonse m'kaundula ndi m'buku la kuchipatala la mwanayo. Mawu omaliza anali chenjezo kwa mayi wake: akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kukana kumwa, musabwerenso kuno, thamangirani kuchipatala.

Zonsezi sizinathe ola. Popanda khonde limenelo likanakhala tsiku lathunthu, ndalama ya kabaza, ndi mzere wautali mwana ali kumsana. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Wa 2015-16 anapeza 63. Si alangizi okha anachita zimenezi, pakuti panabweranso masikito, katemera watsopano ndi mankhwala oteteza mwana ku kachilombo ka HIV, koma zambiri mwa izi zimafika pakhomo kudzera m'manja mwa mlangizi yemweyo.

Ndipo maloko awiri aja ndimawaganizira kawirikawiri. Amene anakonza zimenezo anazindikira kuti mankhwala a boma amasungika bwino mwini mudzi akakhala ndi gawo powayang'anira. Pamlingo wa bokosi limodzi, mphamvu ku anthu zinachitikadi. Mukakwera pang'ono kuchoka pabokosipo, kiyi wachiwiri sapezekanso.

Katundu wa mlangizi ngolemera: sikelo ya ana, katemera, jakisoni wolera, kuthira mankhwala m'zitsime, kuwerenga zimbudzi, kutolera makhololo a oganiziridwa chifuwa chachikulu, kulondola amene asiya kumwa mankhwala otalikitsa moyo, ndiye kenaka malipoti, bungwe lililonse fomu yake. Alangizi ambiri sakhala m'dera limene amagwiramo ntchito chifukwa kulibe nyumba yoti n'kukhalamo, choncho kachipatala ka m'mudzi kamatsegulidwa masiku owerengeka pa mlungu, pomwe malungo sasankha tsiku. Nyumba ya mlangizi si nkhani yofuna nduna. Njerwa mudzi ungaumbe, ndipo midzi yambiri inaumba. Malata, simenti ndi mmisiri ndizo zimafuna thumba, ndipo apa m'pamene nkhani imaima.

Banja limodzi, maofesi anayi

Azakhali anga ndi mayi wamasiye wopitirira zaka 70. Ali ndi bipi, ndipo akulera adzukulu awiri, mmodzi mwa iwo akumwa ma ARV. Dzina lawo lili pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko ija yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Tsiku lokatenga mankhwala a mwana ndi lina, la bipi ndi lina. Za Mtukula Pakhomo zimayendera ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mwana akajomba kusukulu chifukwa chodwala, nkhaniyo imagwera komiti inanso. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza, ndipo ndalama ikachepa mukudziwa ulendo umene umasiyidwa: wa agogo, chifukwa bipi siipweteka mpaka tsiku limene idzakugwetse. Palibe wantchito amene anawalakwira azakhali. Aliyense amagwira yake mokhulupirika. Chimene palibe ndi munthu mmodzi amene ntchito yake n'kuona banja lonselo pamodzi.

Akatswiri akamanena za chisamaliro chophatikiza, akutanthauza zimenezi basi: kuti wodwala asamagawidwe zidutswazidutswa potengera amene akulipira matenda akewo. Ndondomeko ya zaumoyo za kumudzi ya 2017 mpaka 2022 inalonjeza gulu limodzi m'dera lililonse, mlangizi, namwino wa kumudzi, mzamba wophunzitsidwa ndi anthu odzipereka, onse kugwirira pamodzi. Ndondomeko yaikulu ya unduna ya 2023 mpaka 2030 ikunena za pulani imodzi, bajeti imodzi, lipoti limodzi. Ngakhale kukhonsolo, zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu zinaikidwa pansi pa mkulu mmodzi. Pamapepala zonse zinalumikizidwa kale.

Ndipo n'zotheka, chifukwa kwina zinachitika. Ku Neno, kumene bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, mu 2015 anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda okhalitsa monga bipi, shuga, mphumu ndi khunyu. Wodwala amabwera tsiku limodzi, kuonedwa zonse, n'kutenga mankhwala onse. Kumidzi kuli anthu olandira kangachepe mwezi ndi mwezi, aliyense woyendera makomo owerengeka, osati matenda amodzi koma banja lonse. Azakhali anga akanabadwira ku Neno, bwenzi maulendo awo atachepa ndi theka. Kwa anansi athu ku Thyolo, bungwe la MSF linabweretsa mu 2012 nzeru imene inayambira ku Tete, ku Mozambique, mu 2008: anthu omwa ma ARV amapanga kagulu ka anthu osapitirira 6, mmodzi n'kumakatengera anzake mankhwala mosinthana. Ku Balaka ndiko kunabadwira Chipatala cha pa Foni mu 2011, chimene pambuyo pake boma linachitenga n'kuchifalitsa dziko lonse.

Ntchito zonsezi n'zabwino, ndipo ndimazilemekeza. Koma taonani chimene chikufanana pa zonsezo: chilichonse chinayamba chifukwa bungwe lina linasankha boma limenelo. Khonsolo sinakhale pansi n'kunena kuti vuto lathu lalikulu ndi ili, tiyeni tiikepo ndalama. Ndiye mapu a chisamaliro m'Malawi amatsata mapazi a mabungwe. Dera lina alangizi ali ndi njinga ndi mafoni, dera loyandikana nalo akuyenda wapansi ndi kope. Kusiyana kotereku sindikuvomereza, chifukwa n'kwa mwayi chabe, ndipo mwayi umatha. Kuposa theka la ndalama zoyendetsera zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, ntchito zambiri zinaima mwadzidzidzi, ndipo boma ngati lathu, kumene anthu ochuluka amadalira ma ARV, linali ndi chifukwa chokhalira ndi nkhawa kuposa ena.

Palinso kusiyana kwa mtundu wina, kumene palibe angakufafanize. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 684,000 m'boma la Mulanje, pomwe ku Likoma sanakwane 15,000. Kuno vuto ndi kuthithikana: malo aakulu abwino ali ndi tiyi wa maesiteti, minda ya anthu ndi ting'onoting'ono, ndipo mzere wa pachipatala umayamba tambala asanalire. Ku Chitipa vuto ndi mtunda ndi mapiri, funsani wa ku Nthalire kapena ku Misuku. Ku Nsanje ndi madzi osefukira amene amadula Makhanga kwa milungu. Ku Likoma wodwala wolephereka pa St Peter's, chipatala cha mpingo wa Anglican, amadikira boti kapena ndege. Matenda nawonso sanagawidwe mofanana. Kafukufuku uja wa 2015-16 anapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 15 mpaka 49, amene anali ndi HIV anali pafupifupi 5 kumpoto, 6 pakati, ndi 13 kumwera. Mulanje ndiye anali pamwamba pa maboma onse, ndi anthu oposa 20.

Tilinso ndi malire. Abale athu a ku Milange amaoloka pa Muloza ndi m'njira zina zambiri kudzalandira thandizo kuno, ndipo sitingawabweze, pakuti ndi amalume ndi azilamu athu omwe. Koma kalembera amene boma limawerengera pogawa ndalama sanawalembe. Maesiteti a tiyi ali ndi zipatala zawo za antchito. Pali Mulanje Mission Hospital ya Sinodi ya Blantyre ya CCAP, imodzi mwa zipatala za mipingo, za CHAM, zimene zimalipiritsa. Kuyambira 2006 boma lakhala likupangana ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Boma likachedwa kulipira, m'madera ena mgwirizanowo umaima ndipo anthu amabwerera kolipira. Zonsezi zili m'boma limodzi, ndipo wina ayenera kuzilumikiza. Munthu wa ku Capital Hill, ngakhale atakhala wanzeru chotani, sangadziwe kuti mtsinje wakuti ukadzaza midzi yakuti imadukiratu, kapena kuti nyengo yothyola tiyi amayi sapezeka pa sikelo ya m'mawa. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chofunira kuti zigamulo zizipangidwa pafupi.

Makwerero alipo

Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998. Makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka chisankho cha 2014. M'kati mwa zaka zimenezo, mu 2010, lamulo linasinthidwa: aphungu anapatsidwa voti m'khonsolo, ndipo mphamvu yosankha bwanamkubwa inapita kwa nduna. Amene amadabwa kuti bwanji anthu akumudzi sadziwa ntchito ya khansala akumbukire mbiri imeneyi. Mwambo wofunsa khonsolo sunapatsidwe mpata woti umere mizu.

Njira imene dandaulo liyenera kuyendamo ndi yomveka bwino. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi imapereka nkhani ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa agulupu. VDC imapititsa ku ADC, ya kwa mfumu yaikulu. Kuchoka apo nkhani imafika kukhonsolo, kumene kuli komiti ya makhansala yoona zaumoyo, ndipo akuluakulu a zaumoyo a boma amalemba pulani ya chaka. Chipatala chilichonse chaching'ono chili ndi komiti yakeyake ya anthu a m'deralo, imene mwa zina imachitira umboni mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto, n'kusainira. Ndinakhalapo m'komiti ya mtundu umenewu pa chipatala china, ndipo ntchito yowerenga makatoni tinkaigwira ndi mtima wonse. Chinkandiwawa n'chakuti babu likapsa m'chipinda chochirira amayi, kapena loko wa chitseko akathyoka, ife tinalibe ngakhale tambala yogulira. Tinkalemba kalata kuboma, ndipo yankho linali lija aliyense wa kumudzi amalidziwa: tikudikira ndalama kuchokera kulikulu.

Yankholo silinali bodza. Ndalama ya mankhwala ya boma lililonse imasungidwa ku Lilongwe ndi National Local Government Finance Committee, imene imalipira Central Medical Stores Trust m'malo mwa khonsolo. Kagawo kochepa kokha ndiko boma lingagulire kwina mankhwala akasowa kumeneko. Kulemba ntchito anamwino atsopano kumadikira chilolezo cha kulikulu. Ndalama yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ya mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, magetsi ndi madzi, imabwera mwezi ndi mwezi kuchokera ku Treasury, nthawi zina mochedwa, nthawi zina yoperewera, ndipo ikafika chipatala chachikulu cha paboma ndicho chimayamba kumwapo chifukwa ngongole zake ndizo zimakuwa kwambiri. Zotsala ndizo zimafika kwa ife. Ndalama imene khonsolo imatolera yokha, ya m'misika ndi ziphaso za malonda, ndi yochepa, ndipo khonsolo ya kumudzi singafanane ndi ya mumzinda. Khonsolo yathu ili ngati mkamwini: munda amalima ndiye, mvula ikavuta wolakwa ndiye, koma m'nkhokwe satapamo apongozi asanalole.

Ndiye pali thumba la CDF, la chitukuko cha dera la phungu, limene linayamba mu 2006 ndipo mu 2022 linafika K100 miliyoni pa dera lililonse. Ndalama imeneyi imafikadi pansi, koma kwa zaka zambiri mawu a phungu ndiwo ankalemera pa kagwiritsidwe kake, ndipo wandale amakonda chinthu chooneka. N'chifukwa chake m'dziko muno muli tinyumba ta zipatala tomangidwa bwino tokhala zaka tili totseka, popeza womanga sanafunse a zaumoyo ngati kudzapezeke namwino, nyumba yake, madzi ndi mankhwala. Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti aphungu kuyendetsa nawo thumbali ndi kuvota m'khonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ine chigamulocho ndinachilandira ndi manja awiri, koma sindinyengeka kuti khansala ndi mngelo. Kuchotsa dzanja la phungu kungathandize pokhapokha maso a anthu akalowa m'malo mwake.

Pamene ndalama palibe, mudzi umagwiritsa chimene uli nacho, ndicho mphamvu ya mfumu. Boma litaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007, mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo a m'dera: wochirira pakhomo alipire mbuzi, nkhuku kapena ndalama. Mfumu yaikulu Kwataine ya ku Ntcheu inatchuka dziko lonse polimbikitsa uchembere wabwino. Zotsatira zinaoneka: pofika 2015-16, ana 91 mwa 100 ankabadwira kuchipatala, pomwe mu 1992 anali 55. Izi n'zonyaditsa. Komabe chindapusa chimagwera amene anachirira panjira chifukwa kunalibe choyendera, kapena amene anachoka kuchidikiro chifukwa ufa unamuthera ndipo ana anatsala okha kunyumba. Lamulo la mudzi limaluma mayi wosauka, koma lilibe mano ambulansi ikapanda kubwera. Mafumu athu, amene amakhala nawo m'khonsolo ngakhale savota, akanachita bwino kulankhula mwamphamvu chimodzimodzi poyang'ana kumtunda.

Za anthu odzipereka ndinenepo mwachidule. Ena amadandaula kuti masiku ano anthu safuna ntchito yopanda alawansi, kuti kuyambira 1994 ntchito yodzithandiza anaitcha thangata. Mwina pali choona. Koma amene amayendera odwala m'makomo, kuphika phala kusukulu za mmera mpoyamba ndi kuphunzitsa anzawo za kadyedwe, ambiri ndi amayi amene ali ndi minda yawo yolima ndi ana awo odyetsa. Dziko silingamange chisamaliro chake chonse pamsana pa anthu osalipidwa, n'kumawadzudzulanso akatopa.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anaonetsa poyera zonse ziwiri, mphamvu ya mudzi ndi malire ake. Anabwera dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Mapiri anagumuka monga napolo wa 1991 ku Phalombe, milatho inapita, anthu oposa 600 anafa ndipo oposa 500 sanapezeke. Chipatala cha Nkhulambe, kuseri kwa phiri lathu lomweli, chinawonongekeratu. M'masiku oyamba, magalimoto asanathe kudutsa, amene ankadziwa kuti m'nyumba yakuti munali gogo wosayenda, kuti uyu buku lake la kuchipatala lapita ndi madzi ndipo ma ARV amuthera mawa, anali alangizi, anyakwawa ndi amayi a m'makomiti. Chidziwitso chinali pansi. Mafuta, mahema, mankhwala othira m'madzi ndi chilolezo chogula zinali kutali.

Maiko olemera akulimbana ndi funso lomweli. Ku Japan, kumene okalamba achuluka, boma linaika m'manja mwa makhonsolo inshuwalansi yosamalira okalamba kuyambira 2000, ndipo pambuyo pake linaika cholinga chakuti munthu azipeza chipatala, womusamalira pakhomo ndi thandizo lina pamtunda wa mphindi pafupifupi 30 kuchokera kwawo. Nakonso madera akumidzi amatsalira poyerekeza ndi mizinda. Kusiyana kwake n'kwakuti khonsolo ya kumeneko inapatsidwa ntchito pamodzi ndi thumba lake. Ndondomeko yathu ya 2023 mpaka 2030 ili ndi mfundo yofanana nayo pang'ono, yoti ndalama ina izipita mwachindunji ku zipatala zing'onozing'ono, komiti ya pamalopo n'kumagwirizana ndi wamkulu wa chipatala chochita nayo. Amene amaopa kuti ndalamayo idzabedwa ali ndi mfundo, koma ndalama yabedwapo yambiri kulikulu komwe, mu 2013 tonse tinaona. Kuba K200,000 pamaso pa anthu amene akudziwa mtengo wa thumba la simenti n'kovutirapo kusiyana ndi kuba mabiliyoni pakompyuta. Chofunika n'chakuti ndalama yolowa ndi yotuluka izilembedwa pachikwangwani pakhomo pa chipatala, ndipo boma losauka kapena lodwala kwambiri lizilandira zochulukirapo, kuti kupereka mphamvu kumadera kusasanduke kusiya aliyense adzionere yekha.

Pakali pano mipata ina ilipo kale, ndipo sitiigwiritsa ntchito mokwanira. Misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa aliyense. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, kutanthauza kuti mungathe kufunsa, mwa kalata, kuti boma lanu linalandira zingati za zaumoyo ndipo zingati zinafika pa chipatala cha kwanu. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, choncho nthawi yolankhula ndi miyezi ya dzinja, mapulani akulembedwa, osati Juni zonse zitatsekedwa. Inu a ku Chambe, a ku Likhubula, a ku Chitakale ndi kwina kulikonse, agulupu akaitana msonkhano wa VDC musatumize ana. Pitani nokha, tengani nkhani ya nyumba ya mlangizi wanu ndi ya tsiku limodzi la mankhwala a agogo ndi mdzukulu, muonetsetse kuti zalembedwa m'buku, ndipo khansala akadzabwera mumufunse kuti nkhaniyo anaitula tsiku liti kukhonsolo ndipo anamuyankha chiyani.